"Ni zitsamba chabe" ni bodza la ogulitsa

June na July akafika, mphepo yozizira ikayamba kuulutsa fumbi mu Lusaka, malonda a mankhwala a chimfine amakwera. Masiku ano pa WhatsApp na pa Facebook padzaza tumabokosi twa ku China: makapusozi, tiyi wa m'tumapaketi, mankhwala a madzi a chifuwa. Ukafunsa za kuopsa kwake, wogulitsa amayankha chimodzimodzi: "Ni zitsamba chabe, zilibe vuto." Anzanga, mawu amenewo angapweteke munthu kuposa chimfine chimene akufuna kuchiza.

Tengani Lianhua Qingwen, makapusozi amene anatchuka nthawi ya korona. Kampani ya Yiling ku Shijiazhuang inawapanga mu 2003, matenda a SARS atavuta. Muli zosakaniza 13. Chimodzi ni chitsamba cha ephedra, chimene Achaina amachitcha ma huang, ndipo ndiye gwero la ephedrine. Ephedrine imatsegula mphuno, koma imathamangitsanso mtima na kukweza BP. Mu 2004 bungwe la FDA ku America linaletsa ephedra m'zinthu zimene anthu amagula okha kuti aonde kapena apeze mphamvu, chifukwa ena anadwala sitiroko, ena mtima, ena anafa. Mulinso gan cao, muzu wotsekemera umene umakweza BP munthu akaumwa masiku ambiri. Manje ganizirani ambuya anu amene amamwa mapilisi a BP tsiku na tsiku. Inu mwawagulira bokosi mwachikondi, koma zolembedwa pa bokosilo zili m'Chitchaina, ndipo panyumba palibe angaziwerenge.

Chodabwitsa n'chakuti eni ake a mankhwalawa sananenepo kuti chitsamba chimodzi n'cha aliyense. Buku la Shanghan Lun, limene Zhang Zhongjing analemba cha m'ma 200 AD, limapereka ma huang kwa wodwala amene akunjenjemera na mphepo koma satuluka thukuta. Wa kukhosi kowawa na thupi lotentha amamupatsa zina, monga Yin Qiao San wa Wu Jutong wa mu 1798. Sing'anga wa kumeneko amayamba waona lilime na kugwira mtsempha wa padzanja. Nanga uja amakutumizirani bokosi pa njinga ya moto, lilime lanu analiona liti?

Wina adzati nikunyoza nzeru za Achaina. Iyayi. Coartem amene timamwa pa malungo ali na mankhwala ochokera ku chitsamba cha qinghao, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Koma qinghao anafika pa kiliniki atapimidwa, mlingo wake utadziwika, wa mwana na wa wamkulu. Ulemu umenewo ndiwo tifuna pa bokosi lililonse logulitsidwa kuno.

Winanso adzati, "Ine ninamwa, ninachira." Chimfine wamba chimabwera na mavairasi ndipo chimatha chokha pa masiku 7 mpaka 10. Amene wamwa makapusozi na amene wangomwa tiyi wa mandimu na uchi onse amadzuka bwino mlungu ukatha. Kusiyana n'kwakuti wina wataya makwacha.

Vuto lalikulu ni masiku amene amatayika. Kuno kwathu kutentha thupi, mutu na kuphwanya m'thupi kungakhale malungo, ndipo pa mwana wamng'ono masiku awiri ochedwa ni ambiri. Chifuwa chopitirira milungu iwiri chifunika kupimitsa TB, ndipo pa kiliniki ya boma salipiritsa. Bokosi likachepetsa ululu pang'ono, munthu amakhala panyumba matenda akukula.

Choncho musanatumize ndalama, funsani zinthu zitatu. Kodi mankhwalawa analembetsedwa ku ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala mu Zambia? Kodi zosakaniza na mlingo zalembedwa m'chilankhulo chimene mungawerenge? Kodi wa BP, mayi woyembekezera kapena womwa ma ARV angamwe? Wogulitsa akakwiya na mafunso amenewa kapena kuyankha na umboni wa makasitomala, sungani ndalama zanu. Pitani kwa wa pa famasi, mum'uze mankhwala ena amene mukumwa, ndipo ambuya musawapatse chimene inu simungathe kuwerenga.