Musathamangire kufomata, kompyuta yakale imanena pamene pakupweteka

Pitani ndi laputopu yochedwa kapena yokana kuyaka kwa okonza ambiri, kuyambira kuno ku Bwanje mpaka pa boma ku Ntcheu, yankho mulipeza litakonzeka kale: "Iyi ikufunika kufomata." Zikakanika apo, akuti yafa, mugule ina. Ine ndikuti tikufulumira, abale anzanga. Makompyuta ambiri amene tikuwaweruza kuti atha ntchito akudwala matenda ochizika, ndipo nthawi zambiri amalemba okha pa sikirini chimene chavuta. Ife ndi amene sitikuwerenga.

Kuno kwathu kompyuta si choseweretsa. Ndi ya mnyamata amene amapulinta ma CV ndi makalata pa msika m'mbali mwa msewu wa M5, ndi ya mphunzitsi amene amataipirapo mayeso, ndi ya mtsikana amene akukonzekera Computer Studies pa MSCE. Ambiri mwa makinawa ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ma Dell, HP ndi Lenovo obwera ndi achibale ochokera ku Joni kapena ogulidwa mu Lilongwe, okhala ndi RAM ya 2GB kapena 4GB. Kufomata kumafufuta zonse zili m'katimo. Ngati simunasunge kwina, ndiye kuti zithunzi za ukwati, manotsi a zaka zinayi ndi mndandanda wa okongola anu zapita m'mphindi zochepa. Chowawa n'chakuti pakatha mwezi vuto lija limabwerera, chifukwa gwero lake silinakhudzidwe.

Tiyambe ndi kuchedwa. Taganizirani mayi akupeta chimanga. Nkhokwe ndiye hard disk, mosungira zonse. Lichero ndiye RAM, pamene pamakhala zimene kompyuta ikugwirapo ntchito panthawiyo. Lichero likadzaza, makina amatenga zina zimene sakuzifuna msanga n'kukaziika pa kangodya kapadera ka m'nkhokwe kuti apeze malo. Kangodya kameneko ndiye swap. Pa Windows ndi fayilo yotchedwa pagefile.sys, pa Linux ndi swap partition kapena swap file. Inu a mafoni mukuidziwa kale nkhaniyi, kungoti ndi mayina ena. Chimene Samsung imachitcha RAM Plus ndipo Infinix imachitcha MemFusion ndi nzeru yofanana, yothandizira foni pamene RAM yeniyeni yachepa.

Pali njira ziwiri zimene swap imavutira. Yoyamba ndi pamene ili yochepa kapena palibiretu. RAM ikadzaza makina amasowa pothawira, amauma, ndipo Linux imangotseka yokha pulogalamu imodzi kuti ipulumutse zinazo. Mukaona Firefox kapena Chrome ikuzima yokha muli pakati pa ntchito, kayikirani apa. Yachiwiri ndi pamene swap ilipo koma kompyuta ikungokhalira ulendo wa ku lichero ndi kunkhokwe osapuma. Kanyale ka disk kamayaka osaphethira, mouse imayenda ngati yaledzera, kutsegula kalata imodzi kumatha mphindi zisanu. Anthu amati ndi vayirasi, pamene vuto ndi lakuti hard disk yakale, ya mbale yozungulira ija, ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM.

Kuyeza sikulira ndalama. Pa Windows dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mu Task Manager muone Memory ndi Disk. Zonse zikakhala pafupi ndi 100 peresenti, mwapeza wodwala. Onaninso ngati drive C yadzaza ndi mafilimu ndi nyimbo, chifukwa ikadzaza pagefile imasowa pokulira. Chotsani katundu wina, tsekani mapulogalamu amene amadzuka okha makina akayaka, ndipo musatsegule ma tab 20 pa kompyuta ya 2GB.

Pa Linux tsegulani Terminal, lembani free -h kuti muone RAM ndi swap imene yatsala, kenaka swapon --show kuti mudziwe ngati swap ikugwira ntchito. Ikakhala kuti palibe, muipange. Lembani sudo fallocate -l 2G /swapfile, kenaka sudo chmod 600 /swapfile, kenaka sudo mkswap /swapfile, pomaliza sudo swapon /swapfile. Kuti isaiwalike mukathimitsa makina, onjezerani mzere wakuti /swapfile none swap sw 0 0 kumapeto kwa fayilo ya /etc/fstab. Basi, yatha. Ubuntu inayamba kugwiritsa ntchito swap file m'malo mwa partition mu 2017, ndipo Fedora inasankha njira ina mu 2020 yotchedwa zram, imene imapanikiza zinthu mu RAM momwemo kuti zisapite ku disk. Njira ya zram ikhoza kuikidwanso pa Ubuntu ndi abale ake, ndipo imathandiza kwambiri pa makina a disk yochedwa.

Ndinene chilungamo apa: swap si RAM. Ngakhale muikemo 16GB ya swap, kompyuta ya 2GB siisanduka yatsopano. Swap imaletsa kuuma ndi kuzima kwa mapulogalamu, koma liwiro lenileni limabwera mukaonjezera RAM kapena mukasintha hard disk n'kuika SSD. Ngakhale zili choncho, kugula RAM imodzi kapena SSD yaing'ono n'kotsika mtengo kutalitali kuposa kugula laputopu ina.

Tsono tibwere pa kukana kuyaka. Chinthu choyamba, musagwedeze makina kapena kuwathimitsa n'kuyatsa kakhumi. Werengani zimene zalembedwa, ndipo zijambuleni ndi foni.

Ngati tsiku ndi nthawi zikubwerera zaka zam'mbuyo, kapena makina akuti "No bootable device" pamene dzulo anali bwinobwino, kayikirani kabatire kozungulira ngati kobiri ka pa motherboard, kamene pa makina ambiri ndi CR2032. Kakatha mphamvu, BIOS imaiwala zimene inauzidwa, kuphatikizapo disk yoyambira. Dinani F2, F10 kapena Del makina akungoyaka, malinga ndi mtundu wake, muone ngati disk ikuoneka ndiponso ngati ili pamwamba pa mndandanda. Nthawi zina ndi fulashi chabe imene mwaiwala kuzula.

Ngati mukugwiritsa ntchito Ubuntu ndipo mwagwera pa sikirini yakuda yolembedwa kuti initramfs, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti makina anazima mwadzidzidzi akulemba pa disk. Izi n'zosadabwitsa kwa ife amene magetsi amatithimira osatsanzika, ndipo mabatire a malaputopu athu anafa kalekale. Sikiriniyo nthawi zambiri imatchula chigawo chimene chavulala, monga /dev/sda1, n'kukuuzani kuti muyendetse fsck. Lembani fsck -y ndi dzina la chigawocho, dikirani, kenaka reboot. Ntchito ya mphindi zochepa imeneyi ndi imene ena amaisandutsa kufomata.

Pali lina limene limalumikiza nkhani ziwirizi. Kompyuta imayaka koma imaima mphindi imodzi ndi theka ikunena kuti "A start job is running". Nthawi zambiri zimachitika munthu akafufuta kapena kusintha swap partition. Chigawo chilichonse cha disk chili ndi nambala yake yaitali yotchedwa UUID, ngati ya pa chitupa cha unzika. Fayilo ya /etc/fstab ikakhala ikutchulabe nambala yakale, makina amadikira munthu amene anasamuka m'mudzi. Lembani sudo blkid kuti muone nambala zolondola, mukonze mzere wa swap mu fayilo ija, ndipo kudikirako kutha.

Disk yodzaza nayo imatha kuletsa kompyuta kufika pa desktop. Lamulo la df -h limaonetsa chigawo chimene chafika 100 peresenti, ndipo sudo apt autoremove imachotsa ma kernel akale amene amangodya malo. Musaiwalenso nyengo yathu. Kutentha kwa m'chigwa muno mu October ndi November, kuphatikiza fumbi, kumatseka fani, ndipo makina amazima okha podziteteza. Kupukuta fani ndi kuzula RAM n'kuibwezeretsa bwino kwadzutsa makompyuta amene eni ake anali atawalira kale maliro.

Sindikunena kuti kompyuta siifa. Hard disk ikayamba kulira kuti tiki tiki, masiku ake atha, ndipo palibe lamulo la pa Terminal limene lingaichize. Koma ngakhale pamenepo, choyamba ndi kupulumutsa mafayilo. Fulashi yokhala ndi Linux imatha kuyatsa kompyuta popanda kukhudza disk, kaya m'katimo muli Windows, ndipo mumakopera zinthu zanu kwina musanachite china chilichonse. Wokonza aliyense ayenera kukhala nayo fulashi yotere m'thumba, monga mmene wa kabaza sayendera wopanda pampu.

Chifukwa chake ndikuilemba nkhaniyi panopa n'chakuti Microsoft inasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 October 2025, monga inachitira ndi Windows 7 mu January 2020. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB, malo a 64GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makina ambiri akale alibe. Kumayiko olemera makompyuta oterewa akutulutsidwa m'maofesi, ndipo ena adzafika kuno. Lipoti la mabungwe a United Nations linati dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi mu 2022. Tikapanda kudziwa kuwasamala makinawa, tidzangokhala dzala lomaliza, titalipira ndalama zathu pamwamba.

Njira ina ilipo. Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anaiyamba mu 1991, ndi yaulere, ndipo ndi yomwe ili pansi pa Android ya m'foni mwanumo. Ubuntu inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi umunthu womwewu timanena kuno. Mitundu yopepuka monga Lubuntu ndi Linux Mint Xfce imayenda bwino pa makina amene Windows yatsopano imawalemera. Ena anena kuti bandulo yokopera Linux ndi yodula. Zoona, ndi magigabayiti angapo, koma mumakopera kamodzi ndipo fulashi imodzi imathandiza sukulu yonse. Ena anena kuti makasitomala amafuna Word. LibreOffice imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word, ngakhale nthawi zina maonekedwe a tsamba amasuntha pang'ono. Amene bizinesi yake imadalira pulinta ayese kaye ndi fulashi ija ngati pulintayo ikugwira, asanasinthe chilichonse. Sindikukakamiza aliyense kusiya Windows. Ndikuti musankhe mukudziwa.

Kwa inu okonza, luso ili likuonjezerani makasitomala. Munthu amene mwamupulumutsira mafayilo ake adzabweranso ndipo adzabwera ndi anzake. Kwa aphunzitsi a Computer Studies, makompyuta amene aunjikidwa pakona ya sitolo ya sukulu ndi phunziro lokwanira teremu yonse. Aloleni ana awatsegule, aone RAM, asinthe kabatire, awerenge zolembedwa pa sikirini.

Ndipo kwa iwe mwini laputopu, usanapereke chilolezo chofomata, funsa mafunso atatu. Sikirini ikunena chiyani? Disk yayezedwa? Mafayilo anga asungidwa kuti? Wokonza akalephera kuyankha, nyamula katundu wako upite kwina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo masiku ano foni ili m'manja mwakoyo ikhoza kufufuza mawu a pa sikirini aja pa intaneti usanatulutse ngakhale K1 000.