Wodwala Ayambe Wadzaza Fomu? Zamanyazi ku Amereka!

Kodi munthu amadwala chifukwa cha ulesi? Funsoli n'lopusa, komatu ndi pamene pagona lamulo lomwe Pulezidenti Donald Trump adasayina pa 4 July 2025.

Inu amene mudakhalako kunjaku mukudziwa kuti ku Amereka chipatala n'chandalama. Mmphawi amadalira Medicaid, inshuwalansi ya boma yomwe idayamba mu 1965 muulamuliro wa Lyndon Johnson. Lamulo la Barack Obama la 2010 lidatsekula khomo kuti akuluakulu ena opeza zochepa alowemonso. Tsono lamulo latsopanoli likuti anthu amenewa, a zaka 19 mpaka 64, azisonyeza umboni woti agwira ntchito, aphunzira kapena atumikira anthu mongodzipereka kwa maola 80 pamwezi. Wolephera amfufute m'kaundula. Zigawo za dzikolo adaziikira January 2027 kuti zikhale zitayamba.

Eni lamuloli ati cholinga n'kuthamangitsa alesi. Zomveka bwino pamsonkhano wandale! Koma mankhwalawa adawayesapo kale, ndipo wodwala sadachire.

Mu June 2018 chigawo cha Arkansas chidayamba ndondomeko yomweyi pa anthu a zaka 30 mpaka 49. Poyamba munthu ankayenera kupereka lipoti la maola ake pa intaneti pokha, m'dera lomwe mabanja ambiri akumidzi adalibe intanetiyo. Tsamba lake ankalitseka 9 koloko usiku n'kulitsekula 7 koloko m'mawa. Nanga woweruka usiku atani? Wophonya miyezi itatu ankamutsekera kunja mpaka chaka chithe. Pofika December anthu oposa 18,000 adali atachotsedwa. Zidatengera jaji James Boasberg kuimitsa chipwirikiticho mu March 2019.

Nanga ntchito zidachuluka? Ayi ndithu. Kafukufuku wa Benjamin Sommers ndi anzake a ku Harvard adapeza kuti chiwerengero cha olembedwa ntchito sichidakwere. Adapezanso kuti mwa anthu 100 aliwonse okhudzidwa, oposa 95 ankagwira kale ntchito kapena adali m'gulu losayenera kufunsidwa n'komwe. Ukonde woponyera alesi udakola akhama.

Wina anena kuti lamulo la 2025 lili ndi chifundo, pakuti lapatula amayi oyembekezera, makolo a ana osapitirira zaka 13, asilikali opuma olumala, odwala matenda aakulu ndi eni nthaka a mitundu ya Amwenye a ku Amereka. N'zoona, papepala zalembedwa. Koma kupatulidwako kumafuna umboni. Ngati makompyuta a boma sakukuzindikira, kasake wekha kalata ya dokotala, kadzaze fomu, kadikire yankho. Wodwala misala kapena khansa, kapena wogona mumsewu wopanda keyala, ndiye amene sangathe kuthamanga ndi mapepala. Waganyu amene mwezi uno wapeza maola 90, mwezi wamawa 60, walakwa chiyani? Maola amagawa ndi bwana.

Chinsinsi chili m'masamu. Ofesi yowerengera ndalama ya nyumba ya malamulo, Congressional Budget Office, idati pofika 2034 anthu pafupifupi 5 miliyoni adzakhala opanda inshuwalansi chifukwa cha gawo lokhali. Ndalama zomwe boma likuyembekeza kupulumutsa zichokera kwa anthu amenewa. Anthu akapanda kugwa, phindu palibe. Lamulo lomwelo lidatalikitsa nthawi ya misonkho yotsika yomwe opindula kwambiri ndi olemera.

Tisanamizane. Munthu wa shuga akasowa mankhwala sakhala wakhama, amagona pamkeka. Wa mphumu akasowa kopumira, ntchito imene adali nayo imamuthera. Thanzi ndiye khasu la mmphawi. Kumulanda khasu n'kumuuza kuti akalime n'chipongwe.

Boma lofuna kuchotsa anthu pa thandizo la chipatala lingonena poyera, ovota aweruze. Kubisala kuseri kwa fomu n'mantha, ndipo Arkansas adationetsa kale amene amalipira.