Otiyankhulira nawonso akuopsezedwa

Mu July 2025, a Operation Dudula, gulu lodana ndi alendo ku South Africa, anaguba kupita ku maofesi a bungwe la SERI ku Braamfontein, mu Johannesburg. Chimene chinawakwiyitsa n'chakuti maloya a bungweli amaimira alendo kukhoti. Atafika anapeza pakhomo patadzaza a Abahlali baseMjondolo, eni dziko lino okhala m'zisakasa, amene anabwera kudzatchinjiriza maloyawo. Amalawi tinalipo angati?

Sitikufunsa monyoza. Munthu amene pasipoti yake inatha, ndipo ana kumudzi akudikira ya fizi, sangaime pamaso pa kamera. A Dudula amadziwa zimenezi. Alibe mphamvu yoletsa msonkhano kapena kutseka bungwe, chifukwa si boma. Amangoima pachipata cha chipatala n'kumafunsa ziphaso, mayi woyembekezera n'kubwerera osaonana ndi namwino. Mawa lake mayiyo sauza aliyense, nayenso wapampando wa gulu lathu la zamaliro amati bola tisalowerere. Pakamwa patsekedwa popanda lamulo lililonse kulembedwa.

Kwathu si zachilendo. Pa 26 June 2025, anyamata a zikwanje anamenya a Sylvester Namiwa, omenyera ufulu wa anthu, pa zionetsero ku Lilongwe, apolisi ndi asilikali akuonerera. Kale anyamata otere ankatchedwa apayoniya, kenako Young Democrats, kenako makadeti. Ubwino wake kwa andale ndi wakuti anyamata otere savala yunifolomu, ndiye aliyense amangokana kuti si ake.

A Abahlali ndi amene akudziwa mtengo wa kuyankhula. Mu 2022 atsogoleri awo atatu, Ayanda Ngila, Nokuthula Mabaso ndi Lindokuhle Mnguni, anawomberedwa n'kuphedwa ku eKhenana mu Durban. Komabe a Abahlaliwa, limodzi ndi bungwe la Kopanang Africa Against Xenophobia ndi ena, anasumira Dudula. Mu November 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti a Dudula alibe ufulu wofunsa munthu ziphaso kapena kumutsekereza kuchipatala. Kufunsa ziphaso ndi ntchito ya apolisi ndi oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko.

Chigamulo pachokha sichiyenda kupita kukiliniki. Maloya amafuna umboni, ndipo umboniwo uli ndi ife. A Dudula akakubwezani pachipata, lembani tsiku, malo ndi zimene ananena, mukapereke kwa akomiti a dera lanu. Amene mapepala ali bwino, perekezani anzanu. Ndipo magulu athu, amene amasonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi usiku umodzi wokha, akambirane zopatulako kangachepe kothandizira amene akutimenyera nkhondo kukhoti.