Lekani kuwatcha okopera anyamata oimba nyimbo za Balaka

Mwezi wathawu tinali ndi ukwati ku Liwonde, wa mwana wa achimwene anga. Perekaniperekani atatha, DJ anatsegula amapiano, achinyamata n'kudzaza bwalo, ife akuluakulu tili phee pamipando, kumangodzikupiza ndi timapepala ta ndondomeko. Kenaka panakwera anyamata anayi ochokera cha ku Ntaja. Woimba besi sanali wopitirira zaka 20, ndipo gitala yake anaikoleka ndi lamba wa chikwama cha kusukulu. Anangogunda kawiri, wa ng'oma n'kumuyankha, kiyibodi n'kulowa ndi kamvekedwe kake konga malipenga, holo yonse inadziwa kuti iyi ndi ya Alleluya. Azakhali athu, amene miyendo imawavuta, anamanga chitenje m'chiuno n'kuimirira. Atsikana amene ankavina amapiano aja sanakhale pansi. Ankaimba nawo mawu onse, mawu amene anapekedwa iwo asanabadwe.

Bambo wina amene ndinakhala naye pafupi anapukusa mutu. "Awa ndi okopera basi. Bwanji osapeka zawo?"

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, pa wailesi, m'minibasi za Balaka kupita ku Liwonde, ngakhale pakamwa pa oimba anzawo. Ndikuwakana. Ndi mawu olakwika, ndipo akutiphera chuma chimene boma la Balaka linapatsa dziko lino.

Tikumbutsane kaye kumene chinachokera. Mu 1978, pa parishi ya Akatolika ku Balaka, Paul Banda ndi anzake anayamba gulu limene linadzatchedwa Alleluya Band, mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici. M'gulu limeneli munadutsa Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Foster Chimangafisi, Isaac Liwotcha, Paul Chaphuka, komanso mng'ono wake wa Paul, Lucius. Situdiyo ya Imbirani Yahwe inachititsa kuti mnyamata wosauka asafunike kupita kutali kukajambula. Lucius atatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man mu 1994, chaka chimene dziko linavota pa chisankho choyamba cha zipani zambiri, nyimbo ngati Mabala zinanena poyera zimene anthu ankangonong'ona kwa zaka 30. Kuyambira pamenepo, makaseti a Balaka anali paliponse: m'magolosale, m'mabasi, m'mawailesi a mabatire amene abambo athu ankawayanika padzuwa kuti aonjezeke mphamvu.

Tsono funsani aliyense wa oimba amenewa kuti anaphunzira bwanji. Palibe amene anabadwa ndi nyimbo yake m'manja. Anayamba ndi kuimba za akuluakulu awo, kuyang'ana zala za mnzawo pa gitala, kulakwitsa, kudzudzulidwa, kubwereza. Kwathu kuno ku Machinga, anyamata oimba manganje amaimba nyimbo zimene agogo awo ankaimba, ndipo palibe amene amawatcha akuba. Kwaya ikaimba nyimbo ya m'buku yomwe yakhala zaka 100, timati yaimba bwino kapena yaimba moipa; sitifunsa chifukwa chake sinapeke yake. Bwanji nyimbo za Balaka zokha tikufuna kuti zife ndi eni ake?

Pajatu eni akewo akupita. Paul Chaphuka anatisiya kalekale. Soldier Lucius Banda anamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa, ndipo amene anali ku Balaka sabata imeneyo akudziwa mmene anthu anasefukira. Tinalira, mawailesi anaimba nyimbo zake usana ndi usiku, kenaka tinabwerera ku zathu. Ine chimene chimandiwawa n'chakuti tikuzolowera kumva nyimbo zimenezi pa maliro pokha. Wina anganene kuti zilipo m'mafoni, pa YouTube, kwa anyamata oberna nyimbo pamsika wa Ulongwe. Zoona. Koma foni siphunzitsa dzanja. Mmene gitala ya Balaka imadulira, mmene besi imayendera mofatsa pansi pa mawu osathamangira ng'oma, mmene oyankha amalowera ngati kwaya ya m'tchalitchi, zonsezi zimakhala m'zala ndi m'makutu a munthu wamoyo. Pakadutsa m'badwo umodzi wosazigwira, zapita, ndipo tidzatsala ndi mawu a m'sipika amene palibe angathe kuwaimbanso.

Kunja anazindikira zimenezi kale. Ku Britain kuli gulu la The Bootleg Beatles limene kuyambira 1980 ntchito yake ndi kuimba nyimbo za The Beatles, gulu limene linatha mu 1970. Ku Adelaide, mu 1988, kunabadwa The Australian Pink Floyd Show, ndipo anaphunzira nyimbo za Pink Floyd mosamala kwambiri moti David Gilmour mwini wake anawaitana kukaimba pa phwando lokondwerera kuti wakwanitsa zaka 50. Magulu otere amadzaza maholo akuluakulu, bambo ndi mwana wake atagula matikiti limodzi. Anthu kumeneko amaiona ngati ntchito, yofuna luso ndi maola ambiri okonzekera, ndipo amailipira.

Koma chitsanzo chimene chiyenera kutisowetsa tulo chili pafupi, ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970 kumeneko kunali nyimbo za rock zawozawo, Zamrock, ndi magulu ngati WITCH. Chuma chitagwa, oimba ambiri atamwalira, nyimbozo zinaiwalika. Woimba wamkulu wa WITCH, Jagari Chanda, anafika pokakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya. Zinatengera kampani ya ku Los Angeles, Now-Again Records, kutulutsanso zimbale zawo, ndi oimba achinyamata a ku Ulaya kuphunzira nyimbozo n'kuyamba kuimba naye, kuti dziko limumvenso. Mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Ndi nkhani yosangalatsa, koma ine imandichititsa mantha. Kodi nafenso tidikire mlendo adzatole makaseti athu m'fumbi kuti tikhulupirire kuti anali abwino?

Amene amati achinyamata safuna "za madala" sanayang'ane bwino. Patience Namadingo atakhala pansi ndi Giddes Chalamanda mu 2020 n'kuimbanso naye nyimbo zake zakale, Linny Hoo inafalikira pa TikTok mpaka kumaiko amene Chichewa sachidziwa n'komwe, mkuluyo ali ndi zaka zoposa 90. Namadingo anachitanso chimodzimodzi ndi Lucius Banda ndi Billy Kaunda. Nanga Ma Blacks? Mtsogoleri wawo Evison Matafale anamwalira mu November 2001, koma Black Missionaries ikuimbabe nyimbo za Kuimba 1 ndi Kuimba 2, ndipo amene amadumpha kutsogolo kwa siteji ambiri ndi ana amene sanamuonepo Matafale. Gulu limeneli lakhala likupekanso zake. Kusunga zakale sikunalitseke pakamwa. Ndi kumene kunalipatsa poyambira.

Sindikunena kuti aliyense wonyamula gitala n'kuimba ya Lucius ndimuombere m'manja. Pali zinthu ziwiri zimene zimandikwiyitsa. Choyamba ndi ulesi. Ndinalipirapo pakhomo pa malo ena achisangalalo m'mbali mwa Shire, atalengeza kuti kudzakhala usiku wa nyimbo za Balaka. Kunabwera munthu mmodzi ndi fulashi m'thumba. Anailowetsa m'makina, n'kumangotsegula pakamwa pamwamba pa mawu a mwini nyimbo. Magetsi atazima, iyenso anazima. Ameneyo ndiye wokopera, ndipo dzinalo limuyenera. Mnyamata wa besi wa ku Ntaja uja, amene anakhala miyezi akubwereza kachigawo kamodzi mpaka zala kutupa, si wa gulu limenelo.

Chachiwiri ndi kusalipira. Nyimbo ili ndi mwini, ndipo mwini akamwalira pamatsala mkazi ndi ana. Bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo lamulo latsopano la umwini wa zaluso linabwera mu 2016. Mwini holo, mwini bala, wokonza dansi, amene akupanga ndalama ndi nyimbo za Chaphuka kapena za Soldier, adule chiphaso, ndipo COSOMA ionetsetse kuti ndalamayo yafika kubanja loyenera. Woimbanso azitchula dzina la wopeka asanayambe nyimbo. N'chinthu chaching'ono, koma mwana wovina uja azipita kwawo akudziwa kuti Sinetre ndani.

Alleluya ikadalipo, Zembani imene Lucius anayambitsa mu 1997 ikadalipo. Akuluakulu a magulu amenewa ndiwo ali ndi kiyi. Ndikuwapempha atsegule chitseko kamodzi pa sabata, anyamata ndi atsikana a ku Utale, ku Phalula, ku Nselema abwere ndi magitala awo osweka adzaone mmene zimagwiridwira. Eni malo ogona alendo ku Liwonde, amene amalandira anthu opita kukaona njovu, alembe bandi yamoyo Loweruka lililonse n'kuilipira ngati anthu, mmalo mongotsegula sipika. Ndipo Sand Music Festival, imene Soldier mwini anaiyambitsa, ipereke ola limodzi kwa gulu la achinyamata loimba za Balaka basi, monyadira, dzina lawo litalembedwa pachikwangwani.

Ukwati uja utatha ndinawapeza anyamatawo pa siteji ya minibasi, akukangana ndi kondakitala amene ankafuna kuti sipika ilipire mpando wakewake. Ndinafunsa wa besi uja kuti alandira zingati. Anandiuza, ndipo akachotsapo ya thiransipoti, aliyense sakanakwanitsa kugula mawaya atsopano a gitala. DJ analandira kuposa onse anayi pamodzi. Minibasi inanyamuka cha m'ma 6 madzulo, iye atapanikizika kumbuyo, besi ataiimika pakati pa miyendo.