Kodi Ndani Ali ndi Ufulu Woimitsa Uthenga Wanu?

Mu February 2012, anthu a ku Germany amene ankagwiritsa ntchito iCloud anaona kuti maimelo asiya kufika okha pa iPhone zawo. Foni zinali bwinobwino, netiweki inalipo. Kampani ya Apple inachita kuzimitsa dala mbali imeneyi chifukwa khoti la mumzinda wa Mannheim linagamula kuti ikuphwanya patenti ya Motorola. Munthu akafuna kudziwa ngati walandira uthenga ankayenera kutsegula yekha pulogalamu ya maimelo, kapena kudikira nthawi imene foni inatcheredwa kuti izikafunsa ku seva. Zinakhala choncho mpaka chakumapeto kwa 2013. Kodi dokotala wa ku Hamburg kapena wamalonda wa ku Munich analakwira yani? Anaitanidwa kukhoti kuti akanene mbali yake?

Chopweteka kwambiri ndi chakuti patentiyo sinalembedwe poganizira iPhone. Inachokera m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya ma pager, tizipangizo tomwe anthu ankakoleka pa lamba. Mfundo yake inali yakuti munthu akakhala ndi ma pager awiri, n'kuwerenga uthenga pa imodzi, iyo idziwitse likulu, likululo liuze inzakeyo kuti uthengawo wawerengedwa. Ganizo labwino, sitikukana. Koma kodi pali injiniya amene, atapatsidwa zipangizo ziwiri ndi seva imodzi, sakanafika pa ganizo lomweli? Ngati aliyense wodziwa ntchito akanalipeza, n'chifukwa chiyani munthu mmodzi apatsidwe zaka 20 zoletsa anzake?

Nkhani ya ku America inali yoopsa kuposa pamenepa. Kampani yaing'ono ya ku Virginia yotchedwa NTP, yomwe sinkagulitsa foni ngakhale imodzi, inasumira Research In Motion, opanga BlackBerry a ku Canada, pa nkhani yotumiza maimelo ku zipangizo zopanda waya. Zinafika poti BlackBerry zonse m'dzikolo zikanatha kuzimitsidwa, moti boma la America lenilenilo linadandaulira khoti kuti antchito ake amadalira foni zimenezi. Mu March 2006 Research In Motion inalipira madola 612.5 miliyoni, pamene ofesi ya boma yoona za patenti inali itayamba kale kukana mapatenti a NTP itawaunikanso. Kodi ndalama imeneyi inalipira luso, kapena inalipira mantha a chiletso cha khoti? Patangotha zaka zitatu kampani yomweyo inaperekanso madola 267.5 miliyoni kwa Visto, ina ya mapatenti a kulunzanitsa maimelo ndi makalendala. Ndipo ndalama zoterezi zimachokera m'thumba la yani, ngati si la wogula foni?

Wina anena kuti wotulukira luso ayenera kudya thukuta lake. Zoona. Thomas Campana, amene dzina lake lili pa mapatenti a NTP, anali injiniya weniweni, ndipo anamwalira mu 2004 mlandu usanathe. Munthu wotere alipidwe. Chimene tikukana ndi kumupatsa mphamvu yomanga mpanda pa njira yopita kuchitsime imene mudzi wonse ukuyendamo. Kulipiritsa ndi kutseka ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo khoti lalikulu la America linavomereza zimenezi mu May 2006 pa mlandu wa eBay ndi MercExchange, pamene linati chiletso chisamangoperekedwa pa mlandu uliwonse wa patenti popanda kuyeza kaye amene avutike. Chigamulocho chinachedwa ndi miyezi iwiri kuti chithandize BlackBerry, ndipo ku Mannheim sichinkagwira ntchito.

Nanga n'zoona kuti popanda patenti luso la kulunzanitsa zipangizo silikanakula? Taganizirani za rsync. Mu 1996, Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras a ku Australian National University anathetsa vuto lovuta kwenikweni: mafailo awiri ali m'makompyuta otalikirana, afanana pang'ono, mungadziwe bwanji pamene asiyana popanda kutumiza failo yonse? Njira yawo imadula failo m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse n'kukhala ndi nambala yoti kazidziwika nayo, kenako makompyutawo amangofananiza manambalawo n'kutumizirana tizidutswa tosintha tokhatokha. Kwa munthu amene amagula bandulo ya intaneti ndi ndalama yochepa, limeneli ndiye luso lomuthandiza. Analipereka kwaulere, ndipo mpaka lero maseva ambirimbiri padziko lapansi amaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ngati ntchito yakuya chotere inatheka popanda maloya, kodi mapatenti aja ankateteza chiyani? Pamene Google inagula Motorola Mobility pa mtengo wa madola 12.5 biliyoni, ikuyang'ana mapatenti pafupifupi 17,000, kodi inkafuna nzeru zatsopano kapena zida zodzitetezera kukhoti?

Tisaganize kuti izi n'za azungu okha. Malawi ndi Zambia ndi mamembala a ARIPO, bungwe la ku Harare lomwe limapereka mapatenti m'malo mwa mayiko ake. Malinga ndi pangano la Harare la 1982, patenti imene ARIPO yavomereza imagwira ntchito m'dziko lotchulidwamo pokhapokha ofesi ya dzikolo itakana m'miyezi yowerengeka yoikika. Achinyamata a ku Blantyre ndi ku Lusaka akulemba mapulogalamu oti mlangizi wa zaumoyo alembe za odwala kumudzi kopanda netiweki, foni n'kudzatumiza zonse akafika pa boma. Kumeneko ndi kulunzanitsa komwe kuja. Tsiku limene kampani yakunja idzalembetse njira imeneyi ku Harare, kodi m'maofesi athu muli akatswiri angati a makompyuta oti awerenge chikalatacho n'kukana miyezi imeneyo isanathe?