Mapepala ndi ena, mavoti ndi ena

Ife a m'maofesi a ku City Centre timayeza munthu ndi mapepala ake. Mu 2024, zipani zikuchita makonvenshoni, anzanga a ku Area 47 ndi Area 10 ankati DPP yadzipha yokha polola a Peter Mutharika, a zaka 84, kudutsa popanda wopikisana nawo. Iwo mtima unali pa a Dalitso Kabambe, gavanala wakale wa Reserve Bank, amene anachoka ku DPP n'kukapambana kukonvenshoni ya UTM ku Mzuzu mu November. Chizungu chosalala, manambala ali pakamwa.

Komatu nthumwi ya chipani chotsutsa imakhala ndi funso lina: munthuyu angachotse pulezidenti amene ali pampando? Chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020 chinati wopambana azipeza mavoti oposa theka. Chigawo chapakati chinali linga la a Lazarus Chakwera. Ndiye wolimbana nawo anafunika akhale ndi chigawo chakechake kale, kenako akatole ena kumpoto, n'kubako pang'ono konkuno. A Mutharika kummwera anali nako m'thumba. Ine ndimaona kuti DPP inawerengera bwino, ngakhale kutseka mpikisano m'chipani sikundisangalatsa.

Pamizere ya petulo ndi mumsika wa ku Old Town, nkhani inali mtengo wa chimanga, shuga ndi fetereza nthawi ya "adadi". Zoti iwowo ndi pulofesa wa malamulo, palibe ankazitchula n'komwe.

Pa 16 September 2025, a Mutharika anapeza mavoti 56.8 pa 100 alionse, a Chakwera 33, a Kabambe pafupifupi 4.