ZA ZIŴETO ZA PAKHOMO: Mphaka Woonda ndi Mankhwala Atsopano a Khansa

Cimanga cikaloŵa m'nkhokwe m'midzi ya m'boma la Chongwe, mlonda wake weniweni ndi mphaka. Mlonda ameneyu akayamba kuonda, kusanza, kutsekula m'mimba ndi kukana cakudya, makoswe ndiwo amayamba kudziŵa, ndipo banja limaona ndi maso dzinthu zikutha.

Kaŵirikaŵiri coyambitsa zimenezi ndi njoka za m'mimba, ndipo mankhwala a njoka amathetsa bvutolo. Koma mphaka wokalamba amene apitirira kuonda ngakhale atamwa mankhwalawo angakhale ndi khansa ya m'matumbo. Si ufiti ai, ndi matenda monga momwe alili kwa anthu.

Khansa imene imapezeka kwambiri m'matumbo a amphaka ndi yochedwa lymphoma. Zina ziŵiri ndi adenocarcinoma ndi cotupa ca maselo ochedwa mast. Lymphoma ya mtundu wokula pang'onopang'ono imamva mapiritsi a chlorambucil ndi prednisolone, kotero kuti amphaka ambiri amakhala ndi moyo zaka ziŵiri kapena kuposerapo. Adenocarcinoma imafuna opareshoni yocotsa cigawo codwala ca matumbo.

Mankhwala akale a khansa amagwira nchito ngati moto wa m'munda, umene umapsereza udzu ndi mbeu zomwe, pakuti amaononga maselo onse amene aculukana msanga, odwala ndi abwino omwe. Mankhwala atsopano amafanana ndi mlimi amene azula kaufiti m'mizere nasiya cimanga. Amalunjika pa kanthu kena ka m'selo lodwala kamene kamalilamula kuti liculukane kosalekeza, nakatseka.

Njira imeneyi inayambira kwa anthu. Mu 2001 dziko la America linabvomereza imatinib pa khansa ina ya m'magazi, ndipo mu 2002 pa cotupa ca m'mimba cochedwa GIST. Mu 2009 linabvomereza toceranib, wogulitsidwa ndi dzina lakuti Palladia, pa zotupa za mast mwa agalu. Toceranib amatsekanso kakulidwe ka mitsempha ya magazi imene imadyetsa cotupa. Ngakhale cilolezo cake ndi ca agalu, madokotala a ziŵeto amapatsanso amphaka mwa nzeru zao, makamaka pa zotupa za mast.

Aŵerengi asaganize kuti piritsi limeneli licita zozizwitsa. Limacepetsa cotupa kapena kucedwetsa kukula kwake, koma kaŵirikaŵiri silicotseratu matenda. Ndi lokwera mtengo, lingacititse mphaka kukana cakudya kapena kutsekula m'mimba, ndipo magazi ake ayenera kupimidwa nthaŵi ndi nthaŵi. Mai woyembekezera ndi ana sayenera kuligwira.

Cifukwa cake cinthu coyamba si kufunafuna piritsi, koma kudziŵa matendawo. Mwini mphaka ayambe wapita ku ofesi ya a vetenale pa boma la Chongwe. Bvuto likaoneka lalikulu, pa mseu wa Great East pali Sukulu ya Samora Machel yophunzitsa madokotala a ziŵeto pa University of Zambia, imene ili ndi cipatala ca nyama. Khansa imatsimikizika pokhapokha dokotala atapima magazi, kuunika m'mimba ndi makina, ndi kuyang'ana kacidutswa ka cotupaco pa maikulosikopu.

Cenjezo lalikulu ndi ili: mphaka asapatsidwe Panadol. Ciŵindi cake sicitha kusungunula mankhwalawa, ndipo piritsi limodzi lokha lingamuphe. Anthu ena acifundo apha ciŵeto cao poyesa kucithandiza.

Si banja lililonse limene lingakwanitse mankhwala a khansa, ndipo palibe manyazi pamenepo. Dokotala angathe kucepetsa ululu ndi kusanza pa mtengo wocepa, kapena kulangiza za kumpumitsa mphakayo mosazunzika. Mlonda amene wasunga nkhokwe zaka khumi sayenera kutayidwa kuthengo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.